Momwe mungaikire mtengo pa ntchito yokonza ma eyakoni, mafiriji ndi magiza

Amisiri ambiri amaidziwa bwino ntchito yawo, koma ikafika nthawi yotchula mtengo amangoyang'ana maonekedwe a kasitomala kapena kutengera zimene mnzawo amalipiritsa. Mtengo woyenera umayambira pa kudziwa ndalama zimene ola limodzi la ntchito limakudyerani.

Phatikizani zonse zimene mumalipira pa mwezi ngakhale foni itapanda kulira: lendi ya shopu, malipiro anu ndi a wokuthandizani, kukonzetsa galimoto, ndiponso ndalama yosunga kuti mudzagule zida monga vacuum pump (pampu yochotsera mpweya m'mapaipi) ikadzatha. Chiwerengerocho muchigawe ndi maola okhawo amene kasitomala amalipira, chifukwa nthawi yosakasaka sipeya ku Limbe kapena yoima pa mzere wa mafuta palibe amene amakubwezerani. Tiyerekeze kuti zonse zakwana K900,000 ndipo maola olipidwa ndi 90. Ndiye kuti leba yanu siyenera kutsika pa K10,000 pa ola, phindu lisanalowepo.

Pa phindu m'pamene ambiri amadzinamiza. Ngati ntchito yakudyerani K80,000 ndipo mukufuna kuti 20 peresenti ya mtengo ikhale phindu, gawani ndi 0.8, mupeza K100,000. Mukangowonjezera 20 peresenti pamwamba mupeza K96,000, ndipo phindu lenileni silifika ngakhale 17 peresenti.

Ulendo wokaona vuto ukhale ndi mtengo wakewake, wonenedweratu pa foni, womwe mungauchotse pa bilu ngati kasitomala wavomera kuti mukonze.

Nkhani ya gasi woziziritsa wa m'mafiriji ndi ma eyakoni ifunika kusamala kwambiri. Muziyeza silinda pa sikelo musanathire ndi mutathira, ndipo mulembe pa koteshoni mtundu wake, kaya ndi R22, R410A, R32 kapena R600a, pakuti mitengo yake ndi yosiyana. R22 ikuthetsedwa pang'onopang'ono motsatira pangano la maiko loteteza mlengalenga la Montreal la 1987, choncho mwini makina akale ayenera kuuzidwa zoona kuti gasiyo azivuta kupeza. Kufufuza pamene gasi akuthawira, kuwotcherera, ndi kupopa mpweya ndi chinyezi kuti zichoke m'mapaipi ndi ntchito yodya nthawi, ndipo iyenera kuonekera payokha pa pepala. Kungothira gasi osatseka pobowoka kumaoneka kotchipa, koma ndi kumubera kasitomala, ndipo mudzabwererako ulere iye atakwiya.

Popeza kompuresa (kachipangizo kopopa gasi m'makinawo), gasi ndi masipeya ambiri zimachokera kunja, koteshoni isakhale ya masiku ambiri. Kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene anali atalonjeza mitengo yakale anagula katundu ndi ndalama za m'thumba mwawo. Lembani tsiku lothera koteshoni, ndipo ndalama ya masipeya muilandiriretu. Ngati munalembetsa VAT ku MRA, onetsani msonkhowo pa mzere wake, ndipo mufunsiretu makampani ngati adzadula withholding tax, msonkho wodulidwa pa malipiro anu musanalandire.

Chitsimikizo chanu chikhudze ntchito ya manja anu, osati kompuresa yopsa chifukwa cha kuthimathima kwa magetsi. Miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, pamene ntchito ya magiza ndi imene imayenda kwambiri, ndi nthawi yabwino yopangana ndi maofesi ndi malo ogona alendo za kutsuka ma eyakoni awo pa mtengo wa chaka chonse, kutentha kwa Okutobala kusanafike.