Agogo akayamba kuonda, musangoti ndi ukalamba

Nthawi zambiri zimayamba kuoneka pa zovala. Lamba amene agogo ankamangira pa bowo lachitatu, mungoona amuboola penanso ndi msomali. Mphete yayamba kuzungulira pachala, masaya alowa, mafupa a m'munsi mwa khosi atulukira. Apabanja amaona zonsezi n'kungoti, "N'kukula kumeneko." Mawu amenewa achedwetsa okalamba ambiri kufika kuchipatala.

N'zoona kuti minofu imachepa munthu akamakula, makamaka akadutsa zaka 60. Koma kutsika thupi mofulumira, mwiniwake asakufuna, ndi nkhani ina. Azachipatala amati wokalamba akataya makilogalamu 5 pa 100 alionse m'miyezi 6 mpaka 12, akaunikidwe. Kwa agogo amene ankalemera makilogalamu 60, amenewo ndi makilogalamu 3 okha. Ndi maso simungawaone, n'chifukwa chake ndimaumirira za sikelo.

Ayezeni kamodzi pamwezi, pa sikelo imodzimodziyo, m'mawa asanadye, atavala zopepuka, ndipo mulembe m'kope pamodzi ndi tsiku. Ngati sikelo palibe, tengani tepi ya atelala muyeze katumba wa mwendo pamene pali ponenepa kwambiri. Akachepera masentimita 31, ndiye kuti minofu yapita. Samalani ndi miyendo yotupa: madzi amalemera, ndipo sikelo imatha kukunamizani kuti zonse zili bwino.

Matenda oondetsa ndi ambiri, monga shuga, TB, HIV, khansa ndi chithokomiro chogwira ntchito mopitirira muyezo. Amenewa ndi a dokotala kuwafufuza. Inu pakhomo yambani mwayang'ana m'kamwa. Dzino limodzi logwedera kapena zilonda pa lilime zimachititsa munthu kusiya chilichonse chofunika kutafuna, osauza aliyense. Ena amatsamwa kapena kutsokomola akamameza. Mankhwala enanso amachotsa chilakolako cha chakudya, choncho popita kuchipatala nyamulani onse amene akumwa, musawasiyitse nokha. Ndiye pali chisoni, chimene ambiri sachiganizira n'komwe. Agogo amene mnzawo wa pabanja anatsogola, akamadya okha, mbale imabwerera chakudya chili momwemo. Amene ayamba kuiwalaiwala amaiwala ndi kudya komwe.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi miyendo. Minofu ya m'ntchafu ikatha, kudzuka pampando kumafuna kugwirira, kenako tsiku lina amagwa n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Akagona nthawi yaitali pamabwera zilonda za kumsana ndi chibayo, ndipo thupi loonda limachedwa kuchira.

Musawadzazire mbale, amagwa ulesi akangoiona. Apatseni pang'onopang'ono kasanu kapena kasanu ndi kamodzi patsiku, ndipo wina azidya nawo limodzi. Pa chakudya chilichonse pazikhala zomanga thupi monga mazira, mkaka, nsomba, nyemba kapena nyama yofewa. Wokalamba amafunika galamu 1 mpaka 1.2 ya zomanga thupi pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku, pamene dzira limodzi lili ndi magalamu 6 okha. Odwala impso ayambe afunsa dokotala. Aziyendanso, ndiponso azidzuka ndi kukhala pampando kangapo tsiku lililonse kuti chakudyacho chisanduke minofu.

Kwa agogo onenepa amene akufuna kuchepetsa thupi, asadzimane chakudya paokha, chifukwa pamsinkhu umenewu mafuta akamachoka minofu imachokera limodzi. Akambirane kaye ndi azachipatala, ndipo kope la sikelo lija alitenge.