Ukufuna kudzakhala dokotala wa amayi oyembekezera? Umu ndi momwe ungasankhire koleji

Mtsikana wina wa Fomu 3 ananditsatira ku ofesi ya aphunzitsi tsiku lina titangomaliza phunziro la Biology, kope lake atalikumbatira pachifuwa. "Madamu," anatero, "ine ndikufuna koleji yophunzitsa kuchiritsa amayi oyembekezera basi. Ili kuti?"

Nditamufunsa chimene chamupatsa maganizo amenewa, anandiuza za achemwali ake. Matenda anawayamba madzulo, n'kukhala pa chipatala chaching'ono cha kwawo mpaka tambala woyamba mwana asakutuluka. Ambulansi inachedwa. Atafika pa boma anawathamangitsira ku opaleshoni, ndipo patapita nthawi kunatuluka bambo wina, malaya atanyowa ndi thukuta, n'kuuza mayi awo amene anakhala pansi pakhonde kuti: "Amayi, dzukani, onse awiri ali moyo." Mtsikanayo anali pomwepo, atanyamula beseni ndi zitenje. Kuyambira tsiku limenelo akufuna kudzakhala ngati bambo uja.

Funso lakelo ndalimva kangapo kwa ana a kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo, ndipo yankho lake ndi limodzi. Koleji yoti ungochoka Fomu 4 n'kukalowa kuti uphunzire udokotala wa amayi okhaokha kulibe. Umayamba wakhala dokotala wa matenda onse, kenako n'kubwereranso kusukulu kukazama pa za uchembere. Ukadziwa zimenezi msanga, masankhidwe ako onse asintha.

Poyamba, dziwa ntchito imene ukuifunayo

Kumudzi aliyense wovala zoyera timamutcha "adokotala", koma m'chipinda chochirira mumakhala anthu a maphunziro osiyana. Pali anamwino omwenso ndi azamba, amene amayendetsa sikelo ya amayi ndi kuchiritsa amayi ambiri. Pali ma clinical officer, amene amaphunzira dipuloma ya zaka zitatu, ndipo m'zipatala za m'maboma ndi iwowa amene amachita maopaleshoni ambiri otulutsa mwana. Pali madokotala a MBBS, yomwe ndi digiri yoyamba ya udokotala wa matenda onse. Pamwamba pa onsewa pali katswiri wa za uchembere ndi matenda a amayi, amene amalandira zovuta zimene zakanika kwina: chiberekero chong'ambika, mayi wotaya magazi osaleka, wokomoka chifukwa cha kuthamanga kwa magazi ali ndi pakati, khansa ya khomo la chiberekero, fisitula (kubooka kwa njira yoberekera kumene kumachititsa mayi kudontha mkodzo kapena chimbudzi).

Ndinamuuza mtsikana uja kuti n'kutheka bambo amene anapulumutsa achemwali akewo anali clinical officer. Anadabwa. Nawenso dzifunse bwinobwino: chimene mtima wako ukufuna ndi kukhala pambali pa mayi nthawi yochira, kapena kufika paukatswiri weniweniwo ngakhale zitatenga zaka zoposa khumi? Zonsezi ndi ntchito zolemekezeka, koma makomo ake ndi osiyana.

Koleji imasankhidwa uli Fomu 3

Apa ndi pamene ana ambiri amataya mwayi asakudziwa. Digiri ya udokotala imafuna kuti pa MSCE ukhale ndi makirediti osachepera asanu ndi limodzi, ndipo mwa amenewo mukhale Chingerezi, Masamu, Biology, Physics ndi Chemistry. Ukasiya Chemistry pa Fomu 3 chifukwa anzako akuti ndi yovuta, khomo la udokotala walitseka wekha mayeso usanalembe n'komwe.

Kirediti yokha sikwanira. Mapointi amawerengedwa pa maphunziro asanu ndi limodzi amene wakhoza bwino kwambiri, ndipo mapointi 6 ndiwo apamwamba zedi. Malo a udokotala ndi ochepa, ofuna ndi ambiri, choncho amene amatengedwa amakhala a mapointi ochepa kwambiri, makamaka okhala ndi 1 kapena 2 pa masayansi ndi Masamu. Munthu akhoza kukhala ndi mapointi okongola chifukwa cha Chichewa, Bible Knowledge ndi Agriculture, koma ngati pa Physics wapeza 6, osankha ayang'ana pa 6 pomwepo.

Ndikudziwa kuti m'ma CDSS ambiri a kuno labotale kulibe, kapena ilipo koma mankhwala ake anatha kalekale. Ndaonapo mwana akugwira chubu choyesera koyamba tsiku la mayeso, dzanja likunjenjemera mpaka madzi kutayikira pa pepala. Zimandipweteka. Ngati sukulu yako ili choncho, usadikire. Pemphani aphunzitsi anu akambirane ndi sukulu yoyandikana nayo imene ili ndi labotale kuti muzikayeserako Loweruka. Funafuna mapepala a mayeso akale a MANEB, uziwayankha utayang'ana wotchi. Pezanani anayi kapena asanu a mtima umodzi. Ndipo inu makolo, nyengo yothyola tiyi kapena yokolola ikafika, mwana wa Fomu 4 musamuchotse m'kalasi kuti akathandize maganyu. Sabata imodzi ya Chemistry imene waphonya imadzaonekera pa zotsatira.

Khomo lalikulu ndi KUHeS

Madokotala ambiri a m'dziko muno amachokera ku Kamuzu University of Health Sciences, imene anthu amangoti KUHeS. Sukuluyi inayamba m'chaka cha 2021 ataphatikiza College of Medicine, yomwe inatsegulidwa mu 1991, ndi Kamuzu College of Nursing. Akuluakulu ambiri akumatchulabe mayina akalewo, usasokonezeke. Likulu lake lili ku Blantyre, pafupi ndi chipatala cha Queen Elizabeth, ulendo wa minibasi imodzi kuchokera pa Chitakale, pa Luchenza kapena pa Bvumbwe mpaka ku Limbe, n'kukweranso ina yolowera m'tauni.

Wochokera ku MSCE amayamba ndi chaka chimodzi chokonzekera, chimene ophunzira amati premed, kenako zaka zisanu za MBBS. Kulembetsa kwake kumadzera ku bungwe la NCHE, limene limayendetsa kasankhidwe ka ophunzira opita ku sukulu za ukachenjede za boma. Zotsatira za MSCE zikangotuluka, khala tcheru pa wailesi, m'nyuzipepala ndi pa tsamba la NCHE la pa intaneti. Chilengezo cha chaka chimenecho chiwerenge wekha kuyambira pamwamba mpaka pansi, chifukwa zofunika zina zimasintha, ndipo zimene anachita achimwene a mnzako zaka zisanu zapitazo mwina sizikugwiranso ntchito.

Pa fomuyo MBBS ikhale chisankho choyamba. Mizere yotsatira usaidzaze mwachisawawa. Ikamo maphunziro amene ungawakondedi ngati udokotala utakanika, monga digiri ya unamwino ndi uzamba ya pa KUHeS pomwepo. Nambala yako ya mayeso uilembe mosamala, nambala ya foni ikhale yoti ikugwira, ndipo risiti ya ndalama yolembetsera uyisunge pabwino. Wina akakuuza kuti ali ndi "munthu wake mkatimo" amene angakupezere malo ukamupatsa kangachepe, ameneyo ndi wakuba.

Koleji ina iliyonse, funsa mafunso awiri usanalipire

Masiku ano makoleji a zaumoyo achuluka, ena abwino, ena ongofuna fizi. Ndikudziwa banja lina limene linagulitsa munda wa nanazi kuti mwana akaphunzire "za chipatala" pa koleji ina m'tauni. Atamaliza zaka ziwiri anapeza kuti pepala lake silikudziwika kulikonse, ndipo lero ali pakhomo. Choncho funsa: kodi kolejiyi ndi maphunziro enieniwo ndi ovomerezeka ndi NCHE? Nanga bungwe lopereka chilolezo chogwirira ntchito likuwadziwa? Kwa madokotala ndi ma clinical officer bungwelo ndi Medical Council of Malawi, kwa anamwino ndi azamba ndi Nurses and Midwives Council of Malawi. Usakhutire ndi zimene akuuza pa ofesi ya kolejiyo, funsa ku mabungwewo. Funsanso chipatala chimene ophunzira ake amakaphunzirirako ntchito, chifukwa udokotala suphunziridwa pa bolodi pokha. Zomwezi zikukhudzanso amene apeza mwayi wokaphunzira kunja, kaya ku Zambia, ku China kapena ku Russia: yamba wafunsa ku Medical Council ngati adzakulandire pobwera.

Werengera zaka ndi ndalama

Khalani pansi ndi makolo muwerengere limodzi. Zaka zisanu ndi chimodzi pa KUHeS. Miyezi 18 yogwira ntchito moyang'aniridwa pa chipatala chachikulu, usanapatsidwe chilolezo chonse. Ambiri amagwirako kaye ntchito m'maboma kapena m'zipatala za mishoni. Kenako zaka zinayi za digiri yachiwiri, MMed ya Obstetrics and Gynaecology (za uchembere ndi matenda a amayi), yomwe tsopano ikuphunzitsidwa konkuno ku KUHeS. Pa nthawi imeneyi umakhala uli kale dokotala, ukugona ndi kudzuka m'mawodi ngati a Gogo Chatinkha pa Queen Elizabeth. Zonse pamodzi zimapitirira zaka khumi ndi chimodzi.

Za fizi, pali bungwe la boma lopereka ngongole kwa ophunzira osowa, la HESLGB. Ukangosankhidwa lembera msanga, ndipo konzeratu zikalata zimene akufuna lisanafike tsiku lomaliza. Kumbukira kuti ndi ngongole, idzabwezedwa ukayamba ntchito.

Mapointi akapanda kukwana

Usadzitaye. Ngati unaphonya pang'ono pa masayansi, kubwereza mayeso si manyazi. Ngati kubwereza sikutheka, ife a chigawo chino tili ndi mwayi umene maboma ena alibe. Ku Makwasa kuli Malamulo College of Health Sciences ya mpingo wa Seventh-day Adventist, imene yakhala ikuphunzitsa ma clinical officer ndi anamwino kwa zaka zambiri. Pa Mulanje Mission pali koleji ya unamwino ndi uzamba ya mpingo wa CCAP, ndipo ku Phalombe kuli koleji ya unamwino ndi uzamba ya Holy Family. Ya boma ndi Malawi College of Health Sciences. Clinical officer amene wagwira ntchito zaka zingapo akhoza kupitiriza maphunziro mpaka digiri, n'kuzama pa za uchembere. Njira imeneyi sikupatsa dzina la katswiri uja, ndikuuziretu, koma imakuika pa malo pamene mayi wovutika amafikira koyamba. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti pa ana 100,000 aliwonse obadwa amoyo, amayi 439 ankamwalira pa zifukwa za uchembere. Kuchepetsa imfa zimenezi kukufunika manja a onse, kuyambira mzamba wa ku Thekerani kapena ku Muloza mpaka katswiri wa ku Blantyre.

Chinthu chimodzi ungachichite tchuthi chikubwerachi osalipira kanthu. Pempha aphunzitsi akulu akulembere kalata, upite nayo pa chipatala chapafupi, ukapemphe kucheza ndi namwino kapena clinical officer wa ku uchembere nthawi imene wapuma. Umufunse za mausiku osagona, za tsiku limene magazi oti apatse mayi anasowa, za momwe amauzira banja uthenga wovuta. Mtsikana wanga uja anapita. Anabwerako ali phee, ndipo ndinkaganiza kuti wagwa mphwayi. Lolemba lotsatira ndinamupeza m'kalasi ya Chemistry, yomwe anali atatsala pang'ono kuisiya, atakhala pa benchi yakutsogolo.