Ma service sakuonana mu Kubernetes? Yambirani apa

Ma pod (momwe ma container a app yanu amayendera) mu Kubernetes, pulogalamu yoyang'anira ma container, sakhalitsa, pano ili ndi IP iyi, ikafa imabwera ina ndi IP yatsopano, ndiye mukalemba IP ya pod mu config mwadziika nokha m'mavuto. N'chifukwa chake pali Service, yomwe imakhala ndi dzina komanso IP yosasintha. Dzinalo imalisandutsa IP ndi CoreDNS, DNS ya mkati mwa cluster, imene ili default kuyambira version 1.13.

Tinene kuti muli ndi app ya malipiro mu namespace (chigawo cha cluster) ya shop. Mu YAML ya Service ikani selector (yosankhira ma pod potengera label) app: malipiro, port 80, targetPort 8080, ndipo label ya pa ma pod ikhale ndendende yomweyo, chilembo chimodzi chikasiyana basi zavuta. Ma pod a mu shop angoitana http://malipiro, a namespace ina alembe malipiro.shop kapena dzina lonse malipiro.shop.svc.cluster.local.

Tsopano poyesa, anthu ambiri amathamangira kunamizira DNS, koma ayi ndithu yambani ndi iyi, yoonetsa ma pod amene ali kumbuyo kwa Service:

kubectl get endpointslices -n shop -l kubernetes.io/service-name=malipiro -o yaml

Ngati mulibe ma IP a ma pod ndiye kuti selector siikugwirizana ndi label, ngati alimo koma ready ili false ndiye readinessProbe (yoyesa ngati pod yakonzeka) ikulephera ndipo Kubernetes siitumizako traffic. Chosokoneza n'chakuti dzina limayankhabe bwinobwino ngakhale kumbuyo kulibe pod ndi imodzi yomwe, chifukwa DNS imangokupatsani ClusterIP (IP yosasintha ya Service ija) basi, ndiye munthu amaona nslookup yayenda n'kumati zonse zili bho pomwe ma request akungofera m'njira.

Zikakhala bwino pamenepo, lowani mkati mwa pod yoyesera:

kubectl run yesa -n shop --rm -it --restart=Never --image=busybox:1.28 -- sh

Muli mkatimo lembani nslookup malipiro kenako wget -qO- http://malipiro. Busybox 1.28 ndasankha dala, ma version ena apambuyo pake nslookup yake imavuta. Ping musatayenso nayo nthawi, ClusterIP nthawi zambiri siyankha ping ngakhale zonse zikuyenda. Dzina likapezeka koma wget ikukanidwa, onani targetPort ngati ndi port imene app ikumvera.

Nslookup ikalephera ndiye pitani ku kubectl get pods -n kube-system -l k8s-app=kube-dns, musadabwe ndi dzina la kube-dns, linatsalira kuchokera kale koma ndi CoreDNS yomweyo. Ngati munaika NetworkPolicy yotseka egress (traffic yotuluka mu pod), tsegulani port 53, UDP ndi TCP zonse ziwiri, apa pamagwa anthu ambiri.

Musanaweruke yesaninso izi: pa terminal imodzi yendetsani kubectl get endpointslices -n shop -w, pa ina chotsani pod imodzi ndi kubectl delete pod, muone IP yakale ikuchoka yatsopano ikulowa, uku wget ikuyendabe. Onetsetsani kuti ma replica (ma pod ofanana a app) ndi awiri kapena kupitilira, apo ayi wget idukiza mpaka pod yatsopano ikhale ready.