Mpanda ulipo, koma chitamba chimadutsa

Kwa inu amene mumasamalira njovu ku zoo, njira zogwirira ntchito ndi ziwiri. Yakale ndi ija yolowa m'khola momwe muli njovumo, ndodo ya ngowe ili m'manja, njovu n'kumamvera chifukwa inaphunzira kuopa ngoweyo. Yachiwiri ndi yoti pakati pa inu ndi njovu pazikhala mpanda wa zitsulo nthawi zonse, ndipo njovu izibwera yokha chifukwa ikudziwa kuti ikachita chimene mwapempha ilandira kachakudya. Ine ndimalangiza yachiwiriyi, ndipo sindibisa.

Njovu yamphongo ya mu Africa imatha kulemera matani 6. Ikangokupanikizirani kukhoma, ngakhale isanakwiye n'komwe, nthiti zatha. Ku Oakland Zoo, ku America, anasintha njira mu 1991 wosamalira wina ataphedwa ndi njovu. Ku London Zoo zinachitikanso mu 2001, ndipo chaka chomwecho njovu za kumeneko zinasamutsidwira ku zoo ina ya ku England yotchedwa Whipsnade. Mu Januwale 2011 mayi wina wosamalira njovu anaphedwa ndi njovu ku Knoxville Zoo, ku America, ndipo m'chaka chomwecho bungwe la AZA, lomwe limapereka ziphaso kwa ma zoo ambiri ku America, linalamula kuti pofika 2014 anthu asamakhalenso malo amodzi ndi njovu popanda chotchinga, kupatula pa zifukwa zochepa zapadera. Mu 2019 bungwe lomweli linagamula kuti ndodo ya ngowe ichotsedwe pang'onopang'ono. Anthu amene anafawa sanali alendo kwa njovuzo ayi.

Mwina mukufunsa kuti nanga mapazi tiwasamala bwanji tili kunja. Funso labwino, poti matenda a mapazi ndi amene amavutitsa kwambiri njovu zosungidwa, makamaka zimene zimaima nthawi yaitali pa simenti yonyowa. Yankho lake ndi kuphunzitsa. Tengani ndodo yaitali yokhala ndi kampira kunsonga. Njovu ikakhudza kampirako ndi chipumi, lizani wenzulo nthawi yomweyo, kenaka iponyereni chidutswa cha mbatata kapena nthochi. Musachedwe kuliza, mukachedwa, njovu imaganiza kuti mukuyamikira china. Ikazolowera, sunthirani kampirako kuphazi, mpaka idziwe kutulutsa phazi pa kazenera ka mpanda kuti muwenge zikhadabo ndi kuona ngati pali ming'alu kapena timiyala. Khutu nalonso chimodzimodzi: imalibweretsa pa kazenera, dokotala n'kutenga magazi pa mitsempha ya kuseri kwake. Ikakana tsiku limenelo, isiyeni ichoke. Mawa kukacha muyesanso.

Koma apa ndi pamene ambiri amagona tulo. Akaona zitsulo amati basi, tatetezeka. Chitamba chimadutsa pakati pa zitsulo, chimagwira dzanja, lamba, ngakhale payipi ya madzi imene mwaikolowetsa pamkono, n'kukukokerani kumpanda. Yezani pamene chitamba cha njovu yanu yaikulu chimafika, jambulani mzere wa penti pansi, ndipo musauwoloke ngati mnzanu sakuyang'ana njovuyo. Pa phazi musagwade mawondo onse awiri, ndipo mutu wanu usalowe pa kazenera. Nthawi zonse muzikhala awiri: mmodzi manja pa ntchito, wina maso pa chitamba, makutu ndi mchira. Ameneyu asagwire foni.

Zitseko nazo zimafuna mwambo. Musanalowe kukasesa, werengani njovu zonse ndi maso anu, gwedezani loko ndi dzanja lanu, ndipo nenani mokweza kuti mukulowa mpaka mnzanu ayankhe. Mawu oti "ndimayesa mwatseka" asamveke pa khola la njovu.

Yamphongo ili ndi nyengo yake yolusa imene amaitcha musth. Mudzaona timadzi tonunkha tikutsika kuchokera pakati pa diso ndi khutu, mkodzo ukungodontha mpaka miyendo yakumbuyo kunyowa, chakudya ikudya pang'ono. Nyengoyi imatha kutenga masabata kapena miyezi, ndipo njovu imene dzulo inkakupatsani phazi mwaulemu lero ikhoza kukugendani ndi chipika. Chepetsani maphunziro, italikirani kuposa mzere uja, ndipo lembani m'buku la khola tsiku limene mwaona timadzi toyamba, kuti wolowa ntchito m'mawa awerenge asanatenge makiyi.