Vanishi wa mipando sakhalitsa mu mota

Ulimi wa kudimba sunafike n'pakati pomwe, koma ndaona kale mamota angapo a mapampu atagonekedwa pakhonde, akununkha chiwaule. Ku Bembeke, ku Linthipe, kutsikira mpaka ku Golomoti, dandaulo ndi limodzi: "Alangizi, tinakonzetsa mwezi wathawu, yapsanso." Ndikatsegula chivundikiro ndimapeza zomwezomwezo. Mmisiri anakulunga waya watsopano, koma pomaliza anapaka vanishi wa mipando uja wa mu hadiweya, n'kuyanika mota padzuwa ngati makaka.

Waya wa kopa wa mu mota amaoneka wamaliseche, koma wavala kachikopa kopyapyala ka enamel. Pakati pa wayayo ndi chitsulo pamakhala pepala lakelake, Nomex kapena Mylar. Vanishi ndiye amamanga zonsezi kukhala chinthu chimodzi cholimba, kuti mota ikamanjenjemera mawaya asamakhulane mpaka kusendana, komanso amatseka timipata tolowera chinyezi. Onani kachitsulo kolembedwa pambali pa mota yanu. Pakalembedwa kalasi B, zotchinga magetsi zimenezi (enamel, pepala ndi vanishi) zimapirira kutentha mpaka madigiri 130. Kalasi F mpaka 155. Kalasi H mpaka 180. Ndiye vanishi wopangidwira tebulo la pabalaza angakhale m'moto wotere? Amauma pamwamba pokha, m'kati mwa makoyilo (mikulungo ya waya ija) ali chinyowere, ndipo mota ikatentha amafewa, kenako n'kung'ambika. Amisiri ophunzira ali ndi lamulo lawo: kutentha kukapyola mlingo ndi madigiri 10 okha, masiku a zotchingazo amatsika ndi theka.

Kwathu kuno vutoli limakula chifukwa cha chifunga cha June ndi July. Mota yagwira ntchito tsiku lonse, usiku ikuzizira ikukoka chinyezi m'ming'alu muja. M'mawa mukayatsa, magetsi amadumpha pamene pasendekapo, phuu, utsi.

Bambo wina wolima kachewere kumtunda kwa Bembeke anandionetsa yake itapsa kachitatu. Titasolola makoyilo tinapeza m'mipata mwake muli katoni ya sopo, zolemba zikuoneka ndithu, nsonga zitamangidwa ndi tepi wakuda. Iwo n'kumati, "Pepala ndi pepala basi, alangizi, mmisiri ameneyu ndiye anatchipa." Anatchipa zoona. Koma pampu inaima masabata awiri mbatata itangoyamba kuika pansi, banja lonse likuvutika ndi makheni, madzi osakwanira. Zimene anakumba zinali ngati mazira a nkhunda, ndipo ogula a pa Lizulu anangowapatsa mtengo wachifundo. Mukawerengera ndalama zokonzetsera katatu, thiransipoti, ndi feteleza amene anapita pachabe, mota yatsopano inakwana.

Chizolowezi china chimene chanditopetsa n'chowotcha mota pa makala kapena pa moto wa nkhuni pochotsa waya wakale. Chitsulo cha m'kati chija si chimodzi ayi, ndi timapepala tachitsulo tosanjikiza, kalikonse kali ndi kachikopa kake. Moto wosayeza umapsereza tizikopato, ndiye ngakhale mutaika waya wabwino chotani, mota imeneyo idzatentha kuposa kale. Ndakhala ndikunena izi pa misonkhano ya makalabu, anthu n'kumayankha kuti "akale ankatero." Akalewo mamota awo ali kuti?

Eni zigayo musaseke anzanu a kudimba. Fumbi la ufa likamata pa nthiti za mota ndi pa chivundikiro cha fani, mphepo siyenda, ndipo mapeto ake ndi omwewa.

Tsono pokonzetsa, funsani mmisiri akuonetseni chitini cha vanishi ndi pepala lake. Zikhale za kalasi F kapena kuposa. Mota aiviike m'vanishi, aiphike mu uvuni kwa maola angapo pa kutentha kolembedwa pa chitinicho, osati kupaka ndi burashi. Musanalipire ayese ndi megger, chipangizo choyezera ngati zotchingazo zikutchingadi magetsi, inu mukuona; ikawerenga pansi pa megohm 1, isiyeni pompo. Kudimba ikhazikeni pa simenti pokwera, muikire kadenga, osaifunditsa pulasitiki ili yotentha. Mota ya mafezi atatu (yolandira magetsi pa mawaya atatu amoto) ikayamba kung'ung'udza magetsi a ESCOM atabwera fezi imodzi itasowa, zimitsani nthawi yomweyo.