Musanagule makina ocheka matabwa ogwirapo kale ntchito

Alimi ambiri amene anadzala paini ndi bulugamu ku Mzimba, Dedza ndi Zomba safunanso kugulitsa mitengo ili chiimire. Akufuna kumacheka okha matabwa. Popeza makina atsopano ndi odula, maso awo ali pa akale, ena ochokera ku South Africa, ena otsala m'manja mwa anthu amene ankacheka ku Chikangawa mitengo isanachepe. Kugula akale si kulakwa, bola muyambe mwadziwa kumene muzikagula sipeya. Macheka a injini a Stihl kapena Husqvarna amakaniko athu amawadziwa, pomwe a dzina lachilendo akathyoka kachitsulo kamodzi amangokhala m'nyumba. Samalaninso, chifukwa macheka achinyengo olembedwa mayina omwewa ndi ambiri pamsika. Onani nambala yodindidwa pa injini ngati ikugwirizana ndi yapalisiti.

Kukaona macheka pitani m'mamawa, ndipo mugwire injini ndi dzanja. Mukaipeza yofunda, ndiye kuti mwiniwake anaiyatsiratu, mwina pobisa kuti imavuta kulira ikazizira. Nyamulani machekawo pogwira chingwe cholizira chokha. Akatsika msangamsanga, mphamvu ya injini yatha. Kenako pemphani kuti amasule ekizozi, muunike pisitoni ndi tochi. Mizere yokandika nthawi zambiri imatanthauza kuti ankathira petulo wopanda oyilo wokwanira, matenda amene apha macheka ambiri kuno. Muyezo wa Stihl ndi mamililita 100 a oyilo wa 2T pa malita 5 a petulo, koma anyamata aganyu amangothira mongoganizira. Wogulitsa akakana kumasula ekizozi, ine ndimangotsanzika.

Injini ikalira, lozetsani nsonga ya macheka pachitsa n'kuwonjezera moto. Pakuyenera kuoneka kamzere ka oyilo wa tcheni. Yesaninso buleki ya tcheni, pakuti ndi imene imapulumutsa nkhope macheka akakubwererani.

Makina akuluakulu ocheka ndi lamba wachitsulo wa mano, monga Wood-Mizer, ndiwo amadya ndalama zambiri, choncho musafulumire. Mita ya maola musaikhulupirire kwambiri, imatha kusinthidwa. Bwerani ndi chipika chanu, makamaka cha bulugamu poti ndi wolimba, acheke inu mukuona. Yezani kunenepa kwa thabwa kunsonga zonse ziwiri ndi pakati. Thabwa lotuluka ndi mafunde nthawi zina ndi lamba wobuntha chabe, ndiye aike wonola achekenso. Mafunde akapitirira, onani timawilo totsogolera lamba ndi mabering'i. Koma njanji yoyendapo makina ikakhala yopindika kapena yowotcherera mwachisawawa, matabwa anu azituluka okhota mpaka kalekale, ndipo akalipentala azikudulani mtengo tsiku lililonse. Funsaninso ngati chonolera ndi chopindira mano zili pamtengo womwewo. Lamba amafuna kunola pakangopita maola pafupifupi awiri akucheka, ndipo kutumiza malamba m'tauni sabata iliyonse kumadya phindu. Makina a magetsi amatsika mtengo, koma ambiri amafuna magetsi a mafezi atatu, amene kunkhalango kulibe.

Za thirakitala yokokera zipika, oyamba kumene asavutike nazo. Kubwereka kapena kukoka ndi ng'ombe kumakwana.

Mapepala musawapeputse. Lemberanani kalata yogulitsana yokhala ndi nambala ya makina, pakhale mboni, chifukwa macheka akuba amayenda kwambiri. Ochokera kunja akhale ndi mapepala a MRA osonyeza kuti msonkho unalipiridwa. Lamulo la za nkhalango la 1997 linakonzedwanso mu 2020 ndipo zilango zinakwera, choncho fikani ku ofesi ya za nkhalango ya m'boma lanu mukafunse za chilolezo chocheka ndi chonyamulira matabwa ndalama zisanachoke m'thumba. Pa ndalamazo patulanipo ya tcheni chatsopano, mafyuluta, pulagi, chipewa cholimba, zotseka m'makutu ndi jombo, komanso ya makaniko amene mupite naye kukaona makinawo.