Timphete ta pa ndodo yowedzera: musamange mwa chiso, ipindeni kaye ndodoyo

Sabata yatha ndinali cha kumunsi kwa buliji ya Bakili Muluzi pa Mangochi Boma pompa, paja anyamata amakonda kuponya mbedza mu Shire madzulo, ndiye ndinapeza mnyamata wina atakhala pansi wagwira ndodo yake zidutswa ziwiri, nkhope ili khuma. Akuti anakola mlamba waukulu ndithu, kukoka kawiri kokha ndodo thyoo. Nditaitenga m'manja ndinaona kuti ndodoyo payokha inalibe vuto, ya fiberglass yabwinobwino yomwe achimwene ake anabwera nayo kuchokera ku Joni, koma timphete todutsa twaini tija, ena amati ma guide, tinagulukamo kalekale ndiye iye anachita kumanga yekha titatu tokha pa ndodo yopitirira mamita 2. Ndinamuuza kuti aise, mlamba usaunamizire, ndodoyi waithyola wekha tsiku lomwe unkamanga.

Timpheteti sikuti tangokhala tosunga twaini kuti asagwe ayi. Nsomba ikakoka, mphamvu yonse imadutsa mu twaini, twainiyo amaipereka ku ndodo pamalo okhawo pomwe pali kamphete. Tikakhala tochepa komanso totalikirana, ndodo imapindika ngati uta koma twaini amangodula njira yachidule kuchoka pa kamphete aka kukafika pa kenako, ndiye katundu yense amaunjikana pamalo awiri kapena atatu, pamenepo ndi pomwe imathyokera, kawirikawiri cha kufupi ndi nsonga komwe ndi kowonda. Koma musati poti alangizi atero ndiye timange 15. Kamphete kalikonse kali ndi kulemera kwake, kuonjezapo ulusi ndi guluu, ndodo imasanduka yolemera kumutu, yaulesi, nsomba ikamadya nyambo simumva bwino m'manja ndipo poponya sipita patali.

Poyambira pabwino ndi apa: kamphete kamodzi pa masentimita 30 aliwonse a ndodo, kenako ka pansonga kaja kapadera. Ndodo ya mamita 2.1 ndiye kuti timphete 7 ndi ka pansonga. Ngati ndodo ndi yofewa, yopindika kwambiri monga za fiberglass zambiri, onjezani kamodzi. Yolimba ngati mtengo wa khasu mutha kuchotsa kamodzi.

Musanagule chilichonse yang'anani kaye reel yanu, chokulungira twaini chija, chifukwa ndi yomwe imalamula. Ambiri kuno tili ndi spinning reel, ija imalendewera pansi pa ndodo, twaini amachoka pa spool, pomwe amakulungidwa paja, akuzungulira mikombero ikuluikulu ngati waya wa sipuling'i. Imeneyi imafuna kamphete koyamba kakakulu komanso kokhala ndi mwendo wautali kuti kagwire mikomberoyo nkuyamba kuichepetsa, apo ayi twaini amamenya ndodo phwaphwaphwa poponya ndipo nyambo imagwera pafupi. Reel ina ija yokhala pamwamba pa ndodo, yomwe ena amakokera nayo ncheni ali pa boti ya injini, twaini wake amatuluka mowongoka choncho sifuna timphete tikulutikulu, koma imafuna tochulukirapo chifukwa ndodo ikapindika twaini ali pamwamba amafuna kugwera pa ndodo penipeni nkumakhulana nayo. Ndiye kutenga timphete ta ndodo yamtundu uwu nkukamanga pa ndodo ya mtundu winawo, mungotaya ulusi.

Masaizi amalembedwa mu mamilimita, mudzaona 30, 25, 20, 16, 12, 10, 8, 6. Pa spinning reel yezani kukula kwa kukamwa kwa spool ndi rula, kamphete koyamba kakhale cha m'ma theka la muyeso umenewo. Spool ya mamilimita 45 ndiye saizi 25 ikwana, 20 nayo itha ngati twaini wanu ndi wowonda. Kenako muzitsika, 16, 10, otsalawo mpaka kunsonga akhale saizi imodzi. Ndikamaona twaini yemwe ambiri timagula pa msika, nayiloni wokhuthala uja, ine ndimalangiza saizi 8 m'malo mwa 6, chifukwa mfundo yolumikizira imakodwa mu kamphete kakang'ono kwambiri.

Za mkati mwa kamphete, apa ndiye pomwe anthu amapusitsidwa ndi kunyezimira. Tabwino timakhala ndi kambale kosalala mkati, kolimba ngati mwala. Kampani ya Fuji ya ku Japan ndi yomwe imadziwika kwambiri pa zimenezi, ili ndi totchipirapo ta aluminium oxide, ta pakatikati totchedwa Alconite, ndi todula ta SiC. Pa chambo, ncheni, kampango ndi mlamba wathu uyu ta aluminium oxide tikwana, musavutike mtima. Chofunika chimango chake chikhale cha stainless. Madzi athu alibe mchere ngati a kunyanja zikuluzikulu choncho dzimbiri silifulumira, koma chitsulo wamba chikamagona pa mchenga wonyowa chidzachitabe dzimbiri, ndipo dzimbiri ndi twaini sizigwirizana. Cha kumunsi kwa ndodo komwe mphamvu ndi yambiri ikani ta mapazi awiri ogona pa ndodo, cha kumtunda ta phazi limodzi kuti nsonga ipepuke.

Ndikudziwa ena mukuti alangizi mukunena zogula ku Blantyre kapena kuitanitsa ku Joni, ife ndalama yake tiitenga kuti. Zoona. Ndodo zothyoka musamataye, timphete take ndi chuma, dulani ulusi mosamala ndi lezala nkutisunga mu kachitini. Ndipo amene mukupanga ndodo ya nsungwi ndi timphete topinda nokha kuchokera ku waya, sindikukuletsani, ndaonapo zabwino ku Namiasi ndi ku Makawa, kungoti sankhani waya wa stainless, mupindire pa msomali wosalala kuti mpheteyo ikhale yozungulira bwino, mbali zakuthwa zikhale kunja kwa njira ya twaini. Koma pa timphete ta waya musayerekeze kudutsitsapo twaini wolukidwa uja amati braid, amatenga timchenga nkumacheka chitsulo pang'onopang'ono mpaka kukumba kanjira, kanjira kameneko ndi komwe kadzadule twaini tsiku lomwe mwakola nsomba ya chaka.

Ta kaunjika tiyeseni motere. Tengani kathonje, muzungulitse mkati mwa kamphete. Kakatuluka koyera bwino, kali bwino. Koma mukaona timaulusi tathonje tatsalira mkati, pali mng'alu womwe diso silikuona. Bambo wina ku Malindi ankadandaula kuti twaini akumangoduka yekha, mpaka anayamba kuganizira anzake a pa dooko kuti amuchita chipongwe. Tinadutsitsa thonje pa kamphete ka pansonga, thonje lonse kukanirira. Anangoseka nkuti ndiye ndawalakwira anthu.

Tsopano kuyala. Choyamba pezani msana wa ndodo. Ikani tsinde lake pa simenti yosalala, nsonga muitsamiritse pa dzanja, dzanja linalo mukanikize pakati kuti ipindike kenako muzigubuduza pang'onopang'ono, mudzamva penapake ikudumpha nkukhazikika yokha. Lembani chizindikiro mkati mwa kupindikako, pa spinning reel timphete tiyende mzere umenewo. Pa nsungwi musavutike nazo kwambiri, ingoyang'anani komwe yakhotera mwachibadwa.

Mangani reel pamalo pake, ikani ka pansonga, kenako totsalato mungotigwiritsa ndi selotepu kapena timalegeni todula mowonda, osamanga ndi ulusi panopa. Opanga ndodo ali ndi kasamu kena kothandiza pa spinning reel: kukula kwa spool kuchulukitsa ndi 27, yankho lake ndi mtunda kuchokera pa spool kukafika pomwe payambire timphete tating'ono. Spool yathu ya 45 ija ikupereka mamilimita 1,215, tingoti masentimita 121. Kamphete koyamba kakakulu kakhale cha m'ma masentimita 50 kuchokera pa spool. Pa ndodo ya mamita 2.1, kuyeza kuchokera kunsonga kutsika, ine ndimayambira pa masentimita 10, 22, 36, 54, 74, 98 ndi 125. Mukuona mipata ikukula mukamatsika, 10, 12, 14, 18 choncho, chifukwa kunsonga ndi komwe kumapindika kwambiri, kumunsi ndodo ndi yolimba. Tatikulu titatu tija, 25, 16 ndi 10, tikhale pa 125, 98 ndi 74, ndipo mukasuzumira kuchokera pa spool tioneke tikulowana ngati fanulo.

Koma manambala amenewa musawatenge ngati lamulo la boma. Ndodo ziwiri zofanana kutalika sizipindika mofanana, ndiye pano ndi pomwe pali ntchito yeniyeni ndipo ndi pomwe ambiri amadumpha chifukwa chothamangira kunyanja. Dutsitsani twaini kuchokera pa reel mu timphete tonse, kumapeto kwake mangani kanthu kopepuka, nati wa njinga kapena kamwala, kongoti twaini akungike. Tengani chingwe china mumange pansonga penipeni pa ndodo, mbali inayo mumange ku mtengo wa mango kapena mpatseni mnzanu agwire. Chingwe chachiwirichi ndi chomwe chipinde ndodo, timphete ta selotepu tija tisasenze katundu. Kwezani ndodo pang'ono kuti nsonga yokha ipindike, mnzanu aime chambali ayang'ane. Twaini akuyenera kutsata kupindika kwa ndodo ngati mthunzi wake. Pomwe mwaona twaini watalikirana kwambiri ndi ndodo pakati pa timphete tiwiri, ngati chingwe cha uta, mpata wakula, sendezani kapena onjezani kamodzi. Pomwe twaini wapanga ngodya yakuthwa pa kamphete, kameneko kakusenza katundu wa anzake. Pomwe timphete tiwiri tayandikana koma twaini akungodutsa mowongoka osatsamira, kamodzi kakudya zaulere, kachotseni. Mukakonza kumtunda kwezaninso kuti ipindike mpaka pakati, konzani, kenako mpaka cha kumunsi. Osaikweza mpaka kuima chilili ngati mlongoti ayi, mungaithyole musanaiwedzere nkomwe. Pa reel ya pamwamba ija lamulo ndi limodzi, twaini asakhudze ndodo paliponse.

Ikakhala bwino pitani nayo pa bwalo kapena pa mchenga, mangani kamtovu komwe mumaponyera masiku onse nkuponya kangapo. Sankhani m'mawa kusanayambe mphepo, nthawi ya mwera simungadziwe ngati vuto ndi ndodo kapena mphepo. Tcherani khutu. Mukamva twaini akumenya ndodo pakati pa reel ndi kamphete koyamba, kasendezeni masentimita 2 kapena 3 chakufupi ndi reel nkuponyanso. Mukaona twaini akuunjikana pakamwa pa kampheteko ngati akutsamwa, kasendezeni kutsogolo kapena ikani kokulirapo. Mukakhutira lembani malo onse ndi pensulo, komanso m'kope, mudzawafuna tsiku lokonza.

Kumanga sikovuta. Phazi la kamphete lipaleni ndi tupa kumapeto kuti likhale lotsetsereka, ulusi ukwere bwino, koma pansi pake pasakhale chakuthwa chokanda ndodo. Ulusi ukhale wa nayiloni wowonda, wosokera maukonde uja ukakhala wa saizi yaing'ono umagwira ntchito, wa thonje umaola. Yambirani pa ndodo kenako mukwere phazi, mizere igundane popanda mpata, mukunge koma osati mpaka kamphete kukanika kusuntha ndi chala, chifukwa musanapake guluu muyenera kusuzumira kuchokera kutsinde nkuwongola mzere wonse. Pakani guluu wa epoxy wosakaniza mbali ziwiri, wochedwa kuuma osati wa mphindi 5, ndipo muzitembenuza ndodo pakapita mphindi 10 zilizonse mpaka atasiya kuyenderera, apo ayi adzaunjikana mbali imodzi. Kiyutekisi wa zikhadabo amathandiza pangozi koma sakhalitsa pa dzuwa la Mangochi lino. Super glue pewani, amauma gwa nkumasweka ndodo ikamapindika.

Ka pansonga kali ndi masaizi awiri, ya mphete ndi ya kapaipi kolowa ndodo, ndiye pokagula tengani ndodoyo kapena yezani nsonga. Kamateni ndi guluu wosungunula pamoto uja, chifukwa ndi kamene kamatha msanga ndipo tsiku losintha mungokatenthetsa pang'ono ndi laitala, masekondi ochepa okha, nkukoka ndi pulayazi. Mbedza musamaikole mkati mwa kamphete poyenda, kolani pa mwendo wake, ndipo pa dooko ndodo musaigoneke mu mchenga.

Mnyamata wa pa buliji uja ndodo yake tinaidula pomwe inathyokera, inatsala mamita 1.7, tinaikapo timphete 6 tochokera ku ndodo zakufa ndi ka pansonga katsopano. Yalimba kumutu tsopano, ya chambo siingathekenso bwino, koma pa mlamba ikugwira.